Kodi ni Yesu, olo ni Baala wavala suti?

Sabata yatha ndinakwera minibasi kuchoka ku Bwacha kubwera mu tauni, ndipo mwayi unandigwera wokhala kutsogolo pafupi ndi dalaiva. Pagalasi panali masitika atatu. Imodzi ya Kabwe Warriors, imeneyo ndi yomveka. Yachiwiri inali nkhope ya ba Papa ena ake atavala suti yoyera, chala atatiloza ife okwera. Yachitatu inalinso ya ba Papa, koma ena, a tchalitchi china. Pakiyi panalendewera kabotolo ka mafuta.

Ndinafunsa kuti, “Ba dalaiva, nanga ba Papa babili pa galasi imozi, sibamenyana?”

Iwo anaseka. “Awe mudala. Aba ni ba ma accident, aba ni ba cashing. Aliyense na department yake.”

Basi yonse inafa ndi phwete, ine ndinasekanso. Koma nditatsika, mawu aja anakana kuchoka m'mutu. Aliyense na department yake. Anzanga, ngati munafunapo kudziwa kuti chipembedzo cha Akanani, chija chimene aneneri a m'Baibulo ankalimbana nacho usiku ndi usana, chinkayenda bwanji, ba dalaiva aja anachifotokoza chonse m'mawu anayi. Ndipo iwo ndi Mkhristu weniweni. Mukawauza kuti akugwadira fano angakutsitseni panjira, chenji yanu osakupatsani.

Masiku ano pafoni pali mavidiyo ambirimbiri ochenjeza za Baala. Mlaliki wina akuti mtengo wa Khisimasi ndi fano la Asera. Wina akuti chizindikiro cha pa nsapato zakutizakuti. Wina akuti nyimbo ukaiseweretsa chobwerera m'mbuyo imaitana mizimu. Mnyamata wina wa kwathu anaotcha sikipa yake yatsopano ya pa salaula chifukwa inali ndi chithunzi cha ng'ombe yamphongo. Ine zimenezo sizindisowetsa tulo. Ku Makululu ndi nyumba zingati zili ndi mtengo wa Khisimasi? Baala wa kuno ku Kabwe sali pa sikipa. Tikamufuna tiyambe tamudziwa kuti anali ndani, ndipo anthu ankamukonderanji.

Dzina lakuti Baala m'chilankhulo chawo limangotanthauza mwini, bwana, ngakhalenso mwamuna wa m'nyumba. Mu 1928 mlimi wina ku Syria akulima pafupi ndi nyanja, pulawo yake inagunda mwala wa manda akale. Mu 1929 akatswiri a ku France anayamba kukumba pa chitunda cha Ras Shamra, napeza mzinda wakale wa Ugarit ndi mapale adothi olembedwa nkhani za milungu ya kumeneko. Apo ndiye dziko linamva za Baala kuchokera pakamwa pa omutsatira ake, osati kwa adani ake chabe. Anali mulungu wa mvula, mabingu ndi mphezi. Chithunzi chake chosema pamwala chili ku Louvre mu mzinda wa Paris: dzanja limodzi lakweza chibonga, lina lagwira mkondo umene kumwamba kwake kukuphuka masamba. Musadabwe kuti chili ku Paris. Mutu wa Broken Hill Man umene unapezeka mu mgodi wathu mu 1921 uli ku London mpaka lero, ife eni ake timangouona pa zithunzi.

Dziko la Kanani silinali ngati Iguputo kumene mtsinje wa Nile umathirira minda. Kumeneko mvula ikakana, ndi njala basi. Ndiye Baala kwa mlimi wa ku Kanani anali unduna wa zaulimi, banki ndi inshuwalansi pamodzi. Panalinso Asera, mulungu wamkazi, mayi wa milungu, amene chizindikiro chake chinali mlongoti wamtengo woimikidwa pafupi ndi guwa. Wofuna zokolola, wofuna mwana, wofuna ziweto zichuluke, aliyense ankadziwa khomo logogodapo.

Manje taganizani Mwisiraeli amene makolo ake anali oweta ziweto m'chipululu, ndipo wayamba kulima. Neba wake Mkanani ali ndi nkhokwe yodzaza. Neba sakumuuza kuti taya Mulungu wako, iyayi. Akungoti: Yehova wanu ndi wamphamvu, tinamva za kuoloka nyanja, pa nkhondo palibe womuposa, koma nkhani ya tirigu ndi mphesa kuno ili ndi mwini wake, kamupatseko kambuzi. Ndani angakane malangizo a neba amene ana ake ndi onenepa?

Palibe tsiku limene Aisiraeli anaitana msonkhano n'kulengeza kuti kuyambira lero tasiya Yehova. Anangoonjezerapo. Umboni uli m'Baibulo lanu lomwelo. Tsegulani 1 Mbiri chaputala 8, mupeza kuti mfumu Sauli anali ndi mwana dzina lake Esibaala, ndipo Yonatani, mnzake wapamtima wa Davide, anali ndi mwana Meribaala. Mu Hoseya chaputala 2 zinafika poti anthu ankaitana Mulungu weniweniyo ndi dzina la Baala, mpaka Iye anachita kuletsa. Chaputala chomwecho chimadandaula kuti tirigu, vinyo ndi mafuta anawapatsa ndi Mulungu, koma zikomo anapita kwina. Ngakhale mwana wang'ombe wagolide uja wa mu Eksodo 32, Aroni atamupanga analengeza chikondwerero m'dzina la Yehova. Anthu ovina tsiku lija mukanawafunsa akanati ali ku mapemphero. Ndipo cha m'ma 1975 ndi 1976 okumba zakale pa malo otchedwa Kuntillet Ajrud ku Sinai anapeza mitsuko ya zaka pafupifupi 800 Yesu asanabadwe, yolembedwa madalitso otchula Yehova ndi Asera pamzere umodzi. Masitika awiri pagalasi limodzi.

Eliya pa phiri la Karimeli, mu 1 Mafumu 18, sanaimbe mlandu anthu kuti athawa Mulungu. Mlandu unali woti mwendo wina uli uku, wina uli uko. Ndipo anthuwo anangokhala chete, mwina chifukwa sankaona n'komwe kuti pali cholakwa.

Koma chaputala chimene chimandigwira mtima ine ndi Yeremiya 44. Yerusalemu wagwa, otsala athawira ku Iguputo, ndipo mneneri akudzudzula azimayi chifukwa chofukiza ndi kuphika timikate kwa mulungu wamkazi wakumwamba. Azimayi aja sanayankhe ndi mavesi. Anayankha ndi masamu a m'khichini: nthawi imene tinkachita zimenezi chakudya chinalipo, chisiyireni tikuvutika, ndipo amuna athu ankadziwa zonse. Ndikawerenga pamenepo ndimamva mawu a amai a pa Green Market amene tomato wawo waola masiku atatu. Sanali afiti azimayi aja. Anali ndi ana ofuna kudya.

Ife a ku Kabwe nkhani iyi tiyenera kuimva msanga kuposa a ku Lusaka, chifukwa mvula yathu inali mgodi. Miyala inapezeka mu 1902, tauni inamera mozungulira mgodiwo, ndipo kwa zaka pafupifupi 90 mabanja ankadziwa kuti kumapeto kwa mwezi kugwa kanthu. Mu 1994 mgodi unatseka. Njanji, imene likulu lake lili konkuno, inachepetsa anchito. Mulungushi Textiles inaima mu 2007. Amene tinakula zaka zimenezo tinaona atate athu, amuna amene ankavala ovolosi ndi majombo monyadira, atakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Lero mwana amatsiriza Grade 12, ena mpaka digiri pa Mulungushi olo pa Nkrumah, n'kukathera mu kabufu ka mobile money, olo pa kantemba, olo kukakumba zotsala ku Black Mountain. Munthu wotere akamva kuti kuli munthu wa Mulungu amene amatsegula zitseko za nchito, simungamutche chitsiru akapita. Ine ndinapitako. Kalabala ka padzanja kolembedwa dzina la chaka cha breakthrough ndinagula ndi ndalama ya kaloba, ndipo ndinakavala miyezi isanu ndi itatu ndikuyenda ndi envulopu ya khaki m'maofesi.

Chimene chinanditsegula maso si nchito yanga koma mwana wa ba sisi.

Ba sisi anga aakulu amakhala mu komboni imodzi mwa zija zoyandikana ndi mgodi wakale, ndipo amagulitsa vitumbuwa ndi chikanda. Mwana wawo wachiwiri, mnyamata, anayamba kutidetsa nkhawa ali Grade 2. Kusukulu zinthu sizilowa. Lero waphunzira, mawa waiwala. M'mimba kuwawa kosatha, chakudya osafuna, kukwiya msanga, thupi lofooka. Aphunzitsi anati ndi waulesi. Atate ake anati afuna chikoti. Neba wina anati, “Amake mwana, ivi si va chipatala. Tiyeni kuli ba Papa.”

Ba Papa aja, amene sinditchula dzina, anaona vuto mwamsanga. Anati ndi mzimu wobwezera m'mbuyo wochokera kuchimuna, ndipo pali ambuye ena kumudzi amene anatenga nzeru za mwanayo n'kuziika mu botolo. Kuonana nawo paokha kunali ndi mtengo wake. Mafuta anali ndi mtengo wake, ndipo anali a mitundu iwiri, wamba ndi amphamvu. Madzi osambitsa mwana, mtengo wake. Sitika ya pakhomo, mtengo wake. Kenako mbewu: anati mubyale mbewu yofanana ndi kukula kwa vuto lanu. Ba sisi anatenga chilimba chonse, chimene anafuna kugulira malata, n'kukachiika pa guwa.

Mwana sanasinthe. Atabwerera kukafotokoza, anauzidwa kuti mbewu inali yaing'ono, ndiponso pali wina m'nyumba amene akukayika. Wokayikayo anapezeka kuti ndi alamu anga. M'nyumba munalowa nkhondo. Apongozi a kumudzi, amai okalamba amene ankatumiza mbatata ndi nshawa chaka chili chonse, anamva kuti akutchedwa mfiti, ndipo mpaka lero sanapondenso pakhomo paja. Panapita chaka ndi miyezi.

Tsiku lina mayi wina wa zaumoyo woyenda m'makomboni anaona mwanayo akusewera pafumbi, nafunsa mafunso awiri atatu, n'kuuza ba sisi kuti apite naye akapimitse magazi. Zotsatira zinabwera: mtovu, umene tonse kuno timangoti ledi, unali wokwera kwambiri m'magazi mwake. Mfiti inali fumbi la pabwalo pomwe ankaseweretsa timotoka twa waya.

Izi si zachinsinsi. Dziko lonse limadziwa kuti dothi la ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi makomboni ena oyandikana ndi mgodi lili ndi ledi wambiri. A Human Rights Watch analemba lipoti lonse za ana a ku Kabwe mu 2019. Mu October 2020 maloya anakasuma kampani ya Anglo American ku khoti lalikulu ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi azimayi a kuno, khoti linakana mu December 2023 kuti mlanduwo upitirire ngati wa gulu, ndipo maloyawo anachita apilo. Ledi amalowa mwa mwana kudzera m'fumbi limene amapuma ndi limene limapita kukamwa ndi manja. Amaononga ubongo umene ukukula, amachepetsa magazi, amapweteka m'mimba. Mankhwala otsitsa ledi m'magazi alipo, koma zimene zaonongeka kale mu ubongo nthawi zambiri sizibwerera. Ndiye chaka chija chimene tinataya ndi mabotolo sichinali ndalama chabe.

Tikawerenga mu Yeremiya 19 kuti anthu ankaotcha ana awo kwa Baala, timagwedeza mitu, ati anthu akale anali ankhanza. Sindikuti ba sisi anachita zofanana, Mulungu andikhululukire, mayi uja mwana wake amamukonda kuposa moyo wake. Koma ndimadzifunsa ngati makolo a nthawi ija sankakondanso ana awo, ndipo ngati panalibe wansembe amene anawauza kuti vuto lalikulu lifuna nsembe yaikulu.

Pakuti mtima wa chipembedzo cha Baala sunali fano lamwala. Unali malonda. Ndikupatsa, undipatse. Mbuzi ilowe, mvula ituluke. Mvula ikachedwa, ndiye kuti mbuzi inali yoonda, bweretsa ng'ombe. Pa Karimeli paja aneneri a Baala 450 anafuula kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo poona kuti palibe yankho sanati mwina tasochera. Anaonjezera voliyumu, nayamba kudzicheka ndi mipeni mpaka magazi. Dongosolo lake ndi loti mulunguyo salakwa ndipo wansembe salakwa, wolakwa ndi iwe wopereka, nthawi zonse. Manje yerekezani ndi zimene ba sisi anauzidwa. Dzina lotchulidwa pa maikolofoni linali la Yesu, inde, ndipo linatchulidwa kambirimbiri. Koma malamulo a masewerawo anali a Baala.

Ndikudziwa kuti ena mwakwiya kale. Muti nanga mafuta si a m'Baibulo? Zoona, Yakobo chaputala 5 amakamba za akulu a mpingo kudzoza wodwala ndi kumupempherera. Muti nanga nsalu za Paulo? Zoona, mu Machitidwe 19 anthu ku Efeso ankatenga tinsalu tokhudza thupi lake kupita nato kwa odwala. Ine sindikana kuti Mulungu amachiritsa, ndipo sindinasiye kupemphera. Koma fufuzani m'machaputala amenewo mundipezere pamene pali mtengo. Mundipezere pamene Paulo anali ndi tebulo pakhomo, tinsalu ta wamba uku, ta VIP uku. Munthu mmodzi amene anatulutsa chikwama kuti agule mphamvu ya Mulungu ndi Simoni wa ku Samariya mu Machitidwe 8, ndipo Petro anamukalipira koopsa. Mu 2 Mafumu 5 Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, atachira khate anafuna kulipira, Elisa anakana ndithu. Wanchito wake Gehazi anathamangira galeta mwakabisira kukatenga siliva ndi zovala, ndipo khate lija linasamukira kwa iye. Masiku ano Gehazi ndiye ali ndi tchalitchi, Elisa ali pa benchi yakumbuyo.

Ndipo ngakhale chinthu chochokera kwa Mulungu chingasanduke fano. Njoka yamkuwa ija Mose anapachika m'chipululu, anailamula ndi Mulungu yemwe, ndipo anthu olumidwa ndi njoka anachira poiyang'ana. Patapita zaka mazana, mu 2 Mafumu 18, tikupeza anthu akuifukizira lubani. Mfumu Hezekiya anaiphwanyaphwanya. Taganizani phokoso limene linabuka: iwe mwana wa dzulo, waphwanya njoka ya Mose! Koma inali itasiya kuloza kumwamba, anthu akungoona mkuwawo. Ndiye funso la kabotolo kanu si loti kanachokera kuti. Funso ndi loti tsiku limene mwakaiwala kunyumba, mumamva bwanji? Ngati mtima ugunda, ngati mubwerera pa siteshoni kukakatenga chifukwa popanda iko Mulungu sakuonani pa Great North Road, mwayankha nokha. Ba dalaiva anga aja ndinawafunsa kuti mabuleki anawaonetsa liti kwa makanika. Anati sitika ikugwira nchito.

Pali chinanso chimene tizolowera pang'onopang'ono: mapemphero oyamba ndi mawu akuti Mulungu wa ba Papa anga. Munthu wabatizidwa, ali ndi Baibulo m'foni, koma amakhulupirira kuti pemphero lake silifika pokhapokha lidutse pa nambala ya munthu wina. Chithunzi cha Papa chili pa bedi, mu waleti, pa chitseko cha shopu. Ena amachipsompsona asanalembe mayeso. Akatolika tinkawaseka zaka zonsezi kuti amagwadira zithunzi, manje taonani makoma athu.

Zikafika patali timaziona pa nyuzi ndipo timaseka. Ku South Africa mu 2014 mbusa Lesego Daniel anadyetsa anthu ake udzu. Mu 2016 Lethebo Rabalago anapopera anthu mankhwala a tizilombo a Doom kumaso, ndipo khoti linamupeza wolakwa mu 2018. Timati ife a Zambia sitingafike apo. Koma anthu aja sanayambire pa udzu. Anayambira pamene tili ife, pa kukhulupirira kuti munthu wa Mulungu safunsidwa mafunso. Boma linayesapo kulowererapo. Unduna woona za zipembedzo umene unalipo kuyambira 2016 mpaka 2021 unkachenjeza za aneneri ogulitsa madalitso, ndipo mu May 2017 mneneri Uebert Angel anabwezedwa pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Koma boma lingatseke eyapoti, silingatseke njala imene imatuma munthu kukagula chozizwitsa. Ndiponso ambiri mwa ogulitsawo safuna pasipoti, ndi ana a konkuno, tinaphunzira nawo.

Pa 29 December 1991 a Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo a dziko. Timanyadira, ndipo sindikutsutsa. Kungoti Isiraeli nayenso anali dziko la pangano, lokhala ndi kachisi ndi ansembe ndi zikondwerero zonse pa kalendala, nthawi yomweyo imene Hoseya ankalira. Chikwangwani cha pageti sichinena zimene zikuphikidwa m'khichini.

A matchalitchi akale musaombe m'manja msanga. Kwanu kulibe masitika, koma kuli Sande ija yowerenga maina ndi ndalama zimene aliyense wapereka, mokweza, kuti wa K20 amve manyazi. Kuli maliro amene kwaya imabwera yonse ngati womwalirayo anali wopereka bwino, ndipo imabwera anthu atatu ngati khadi lake linali ndi mipata. Kumenekonso munthu amaphunzira kuti Mulungu ali ndi kaunta ndi risiti.

Nanunso ba guy a pa kubecha ndakuonani. Tiketi ya matimu khumi ndi awiri, kuiika mkati mwa Baibulo pa Salimo 23 usiku wonse, olo kuidontheza mafuta pakona. Wina anandiuza ndi nkhope yoongoka kuti analonjeza Mulungu teni pasenti ngati Arsenal ingawine ndi zigoli ziwiri. Uyo si Atate wakumwamba amene ukukamba naye, mufana wanga, uyo ndi ejenti.

Chaka cha 2024 chinatiyesa tonse. Mvula inakana, chimanga chinapsa m'minda kuyambira ku Chibombo mpaka ku Southern, ndipo pa 29 February a Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko. Madzi ku Kariba anatsika, malaiti ankapita pafupifupi tsiku lonse, owotcherera zitsulo ndi a mabarbershop anangokhala manja m'thumba, saka ya unga inakwera mtengo mpaka ambiri tinabwerera ku pamela. Imeneyo ndiyo nyengo yeniyeni ya Baala, nyengo yofanana ndi ya Eliya, pamene kumwamba kwauma ndipo aliyense afuna wina womulonjeza mvula. Ndinaona mitundu iwiri ya matchalitchi chaka chimenecho. Ena anachulukitsa maovanaiti ndi maenvulopu, ati njala iyi ithyoledwa ndi nsembe yoposa. Ena, ndipo ena mwa iwo ndi a Pentekosite omwewo a makiyibodi aphokoso, anasonkha unga ndi kapenta n'kugawira amasiye ndi okalamba a m'mipingo yawo popanda kamera. Abusa ena a mu komboni yathu, amene tchalitchi chawo ndi cha malata ndi mabenchi a mapulanga, ndiwo ananyamula mwana wa ba sisi pa njinga yawo kupita naye kukalandira mankhwala tsiku limene kunalibe ya basi. Anapemphera naye pa mzere wa kuchipatala, ndipo atapatsidwa ya drinki anakana.

Mnyamatayo tsopano ali Grade 5. Ledi anatsika. Kuwerenga akuyesa, masamu akali kumuvuta, ndipo aphunzitsi ake atsopano anauzidwa chifukwa chake, sakumutchanso waulesi. Ba sisi amathira madzi pabwalo m'mawa ndi madzulo kuti fumbi lisauluke, anabyala kapinga mbali imodzi, ndipo palibe mwana amene amagwira chitumbuwa asanasambe m'manja ndi sopo. Inu a ku Kasanda, Chowa, Makululu ndi kufupi konse, ngati mwana wanu ali ndi zizindikiro zija, pitani mukafunse za kupima ledi ku kiliniki, pempherani muli pa mzere. Malata aja sanagulidwebe. Apongozi sanabwerebe, ngakhale alamu anapita kawiri kumudzi kukapepesa.

Sande yapitayi ndinapita kukadya nsima kwa ba sisi. Kabotolo ka mafuta amphamvu kaja kali pawindo, ndipo anandiuza akuseka kuti otsalawo anadzola mwana kumapazi nthawi yozizira, ndi mafuta a olivi chabe ngati a mu shopu. Koma sitika ikali pachitseko, yafwifwa ndi dzuwa, nkhope ya ba Papa yatsala maso okha ndi chala.

Ndinati, “Ba sisi, nanga iyi simuchosa?”

Anayang'ana chitseko nthawi yaitali. “Nizachosa. Leka mwana ayambe alemba Grade 7.”

Ndinafuna kuwatsegulira Hoseya, koma ndinakumbukira kuti kalabala kanga kaja sindinakataye. Kali mu diloo, pansi pa masatifiketi.